Mwala wa a Ngozo Unalibe Makutu

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha alamu anga, a Gibisoni Ngozo. Ndinachokako chakudya chisanagawidwe.

Anandichotsa ndi a Chimbalanga, mkulu wina wa m'mudzi muno. Anapatsidwa mpata woyankhula m'malo mwa anansi. Anakonza jekete, natsokomola, n'kunena kuti: "Malemuwa anali ndi mwala wakumva. Achigololo onse a m'Bwanje muno ankauopa." Anthu anaomba m'manja. Achinyamata anaseka. Kumbuyo kwenikweni, pansi pa mtengo wa msangu, kunaima mayi mmodzi amene sanaseke. Dzina lake ndi Esinati Nambewe. Za iye ndinena.

Pamanda sitikangana. N'chifukwa chake ndalemba.

Ine ndine kalipentala. Kwathu ndi kumapiri, kufupi ndi Nzama, ndipo sukulu ndinalekeza Sitandade 6 ya kale ija, osati ya masiku ano. Ndinatsikira kuchigwa kuno nditakwatira mlongo wa a Ngozo. Zanga n'zomwezo.

A Ngozo sanali munthu wokoma kukhala naye pafupi. Anali wamtali, wouma ngati nsungwi, wa mawu ochepa koma olasa. Zaka zambiri anagwira ntchito m'malabotale, poyamba ku Zomba, kenako ku Joni, kutsuka magalasi ndi kukonza makina oyezera zinthu. Anabwerera kumudzi nthawi ya zipani zambiri ino, akazi awo atamwalira, namanga nyumba ya njerwa m'mphepete mwa sikimu ya mpunga, pamalo oti akakhala pakhonde aziona ngalande yaikulu. Sanamangire pamenepo kuti azisirira madzi. Ankalondera.

Mdani wawo anali likodzo. Ankavala majombo ngakhale mu Okutobala, pamene nthaka ya kuno imawotcha ngati chiwaya. Ankayenda ndi mbaniro ndi botolo, kutola nkhono m'ngalande. Akapeza ana akusambira ankawatulutsa ndi ndodo, n'kuwaperekeza mpaka kwawo, kuti akanyoze makolo. Bambo wina anawauza kuti mwana wamwamuna akamakodza magazi ndiye kuti wakula. A Ngozo anamulangiza kuti ngati magazi ndiwo amakulitsa munthu, adzicheke khutu tsiku lomwelo, popeza kwa iye nzeru zinkachedwa.

M'busa wina wa mpingo watsopano ankabatiza anthu m'ngalande momwemo. A Ngozo anapita ndi botolo lawo la nkhono, naima pamtunda, n'kumauza aliyense wotuluka m'madzi kuti machimo wasiya m'menemo koma watulukamo ndi nyongolotsi. Awiriwo sanapatsanenso moni mpaka imfa.

Ankakonda kunena kuti chinthu chimene sichinayezedwe ndi miseche chabe. Ukawauza kuti mvula yagwa yambiri, ankafunsa kuti yambiri bwanji. Ukati mwana watentha thupi, ankafunsa kuti wayerekeza ndi chiyani. Mlongo wawo, mkazi wanga, ankati munthuyu angathe kuyeza mchere wa m'misozi pamaliro a mayi ake.

Ine ndinakangana nawo koyamba chifukwa cha tebulo. Anandiuza kuti ndiwapangire tebulo losagwedera. Ndinapanga. Anaikapo kapu ya madzi n'kundiuza kuti ndiyende m'chipindamo. Madzi anachita timafunde. Anati ndichotse. Palibe munthu anabwezapo tebulo langa chiyambire, koma iwo anandibwezera kangapo, osachita manyazi. Pomaliza ndinapanga la mlombwa, lolemera loti amuna awiri ankabuula polinyamula, ndipo miyendo yake tinaimika m'zitini zodzaza mchenga. Ndinayenda, ndinadumpha. Madzi ali phee. Sanathokoze. Anangoti, "Tsopano ndi tebulo."

Tebulolo linali la bokosi.

Bokosilo linabwera zaka zimene aliyense anali atayamba kuyenda ndi foni. Mayi wina amene a Ngozo anamuphunzitsa kugwira makina ku Joni ali mtsikana, anadzakhala katswiri wa zoyezayeza. Iye ndi anzake anapanga kachipangizo kofufuzira likodzo mumkodzo, ndipo anafuna kuti kayesedwe kumalo kumene likodzo lili pakhomo. Anakumbukira nkhalamba yovuta ija ya ku Bwanje. Bokosi lake linali ngati wailesi yaing'ono, la galasi loonetsa manambala, loyendera batire ya sola.

Tsiku limene anandionetsa anati, "Alamu, vulani wotchi yanuyo."

Ndinavula. Anatsegula kumbuyo ndi kampeni, nandilozera kachitsulo kakang'ono ngati njere ya mpunga.

"M'kati umu muli kamwala. Ndi nsangalabwi yomwe ija mumaiponda kumapiri kwanu, koma yoyera bwino, yosemedwa. Mukaifinya imatulutsa magetsi. Mukaipatsa magetsi imanjenjemera, osafulumira, osachedwa. Wotchi imawerenga kunjenjemerako."

"Chabwino. Tsekani wotchi yanga."

Kenako anatulutsa kamwala ka m'bokosi. Kanali kozungulira ngati batani la jekete, kopyapyala ngati mamba a nsomba, kali ndi kadontho ka golide pakati.

"Mkazi akamapeta mpunga, lichero lopanda kanthu limathamanga m'manja. Likadzaza?"

"Limalemera."

"Limachedwa. Pagolidepa anapakapo ulimbo, koma ndi ulimbo wosankha mbalame. Umagwira litsiro lokhalo limene nyongolotsi ya likodzo imataya m'thupi, lotuluka ndi mkodzo. Litsirolo likamatirira, kamwala kamalemedwa, kamachedwa kunjenjemera, ndipo nambala iyi imatsika. Basi. Mulibe mzimu."

Ndinazindikira tsiku lomwelo, ine wa Sitandade 6. Sichinali chinthu chovuta.

Aliyense woyezedwa ankamuuza chimodzimodzi: kuti bokosilo likadali pa mayeso, silili chipatala, ndipo apite kuchipatala cha ku Sharpevale akamuone ndi makina awo n'kumupatsa mankhwala. Kamwala kalikonse kankagwira ntchito kwa munthu mmodzi, ulimbo wake n'kutha. Ankatisunga timiyalato m'kabokosi ka thonje ngati mazira a njiwa.

Chinaononga zonse ndi liwu limodzi, ndipo analitulutsa okha. Tsiku la msika ku Sharpevale munthu wina anawafunsa kuti kamwala kopanda maso kamadziwa bwanji. A Ngozo, ali pa changu, anayankha kuti, "Kamamva."

Ankanena kumva kwa phewa likasenza thumba. M'chinenero chathu timamva mawu, timamva ululu, timamva fungo, timamva njala. Pa zonsezi anthu anasankha makutu. Pofika madzulo nkhani inali itafika m'midzi yonse kuti a Ngozo ali ndi mwala wakumva.

Sindikuwaikira kumbuyo anthu, koma akuluakulu a kuno anakulira m'nthawi imene zimene wanena pamowa zinkafika kuboma iwe usanafike kunyumba. Chinanso, a Ngozo poyeza ankatseka chitseko ndi kuletsa kuyankhula kapena kuponda mwamphamvu, kuti tebulo lisagwedere. Anthu anati: mwaona, akufuna mwala umve bwino. Amayi opita kudimba anayamba kunong'ona podutsa pawindo lawo. A Ngozo anayesa kukonza. Anati kamalemedwa, anati kamayeza. Palibe anatola mawu amenewo.

Kunabwera wina wobedwa mbuzi. Kunabwera wina wokayikira ngati mwana ndi wake. Chaka cha chisankho kunabwera tcheyamani wa chipani china, atanyamula nkhuku, kudzapempha kuti mwala umuuze amene akudya ndi chipani chinacho mu komiti yake. A Ngozo anamupatsa botolo n'kumulozera kuseri kwa nkhokwe. Tcheyamaniyo anakwiya, nanena kuti iye ndi munthu wolemekezeka. A Ngozo anati nkhono sizifunsa khadi la chipani. Nkhuku inabwerera ndi mwini wake.

Zimenezo tinkaseka. Za Esinati sitinaseke.

Esinati anali mkazi wa Yohane, mwana wa mlongo wa a Chimbalanga aja. Anamutenga pa chitengwa kuchokera kumapiri. Yohane ankakhalitsa ku Joni, ndipo munda wa m'sikimu ankalima ndi Esinati yekha: kuwokera, kupalira, tsiku lonse madzi ali m'mawondo. Yohane atabwera anapeza mkazi akudwala. M'chiuno munkapweteka, magazi ankabwera pa nthawi yosayenera, mimba osaima. Apongozi ake aakazi anati ndi chindoko, ndipo anafunsa kuti wachitenga kuti mwamuna ali ku Joni. Palibe anafunsa zimene mwamunayo ankachita ku Joniko.

A Chimbalanga ndiwo anali nkhoswe. Mlandu ukamugwera, Esinati akanabwezedwa kwawo ndi kamtolo ka zovala ndi dzina la uhule. Munda unali m'dzina la Yohane.

Anabwera gulu kwa a Ngozo m'mawa, ine ndikukonza chitseko cha khitchini. A Chimbalanga anati, "Tabwera kuti mwala utithandize."

"Sindine woombeza. Pitani kuchipatala."

Esinati anagwada pakhonde. "Gogo, ndiyezeni. Ine ndikudziwa kuti ndilibe mlandu."

Apo ndinaona kuti nayenso ankakhulupirira kuti mwalawo umamva. Ankayembekeza kuti umuchitira umboni.

A Ngozo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, nambala itsika. Iwe umakhalira m'madzi. Ikatsika ndiye kuti uli ndi likodzo, ndipo likodzo kwa akazi limachita zonse ukudandaulazi." Anatembenukira gulu. "Mwamva nonse? Ikatsika ndi likodzo. Matenda a m'ngalande."

Onse anagwedeza mitu. "Tamva, Ngozo."

Analowa ndi a Chimbalanga ndi ine monga mboni. Anathira mkodzo wa Esinati m'kapaipi ndi jakisoni wopanda singano. Tonse maso anali pagalasi. Nambala inaima, kenako inayamba kutsika pang'onopang'ono. A Chimbalanga sanadikire kuti iime. Anatsegula chitseko n'kunena kuti, "Yatsika."

"Wagwidwa!" anakuwa apongozi aja, n'kuimba nthungululu. Nthungululu, ngati paukwati. Esinati anakhala pansi pomwepo ngati wamenyedwa ndi chibonga.

A Ngozo anatuluka. "Ndanena chiyani ine? Ndati likodzo!"

"Ngozo, musakwiye," anatero a Chimbalanga mofatsa. "Tiyankheni chimodzi. Mwalawu wanena kuti mwanayu sanayende ndi mwamuna wina?"

"Sunanene zimenezo. Sudziwa za kuchipinda. Wanena za nyongolotsi."

"Ndiye simungatsutse."

"Sindingatsutse chimene sindinayeze. Inunso simungatsimikize."

A Chimbalanga ndi gulu lawo anatola theka loyamba, lachiwirilo analisiya pakhonde. Ananyamuka akunena kuti mawa nkhani ithe.

Titatsala awiri ndi a Ngozo ndinati, "Alamu, mukanangoti inde. Liwu limodzi."

"Ndikanama lero, mawa andikhulupirira ndani?"

"Akukukhulupirirani ndani lero? Mwanayo akupita kwawo ndi dzina la uhule chifukwa cha ukhondo wa pakamwa panu."

Analowa m'chipinda natsegula kabokosi ka thonje kaja. Timiyala tinali titatsala tochepa. Ankatisungira ana a sukulu ya pafupi, ndipo mayi wa ku Joni uja anali atawauza kale kuti ntchito yaima, timiyala tina sitibweranso. Ndinawasiya akutiyang'ana.

M'mawa mwake anthu anasonkhana pa a Chimbalanga. Esinati anali pamphasa yekha, kamtolo kali pambali. Mawu asanayambe tinamva wilibala ikulira. Anali a Ngozo, majombo kuphazi, wilibala yodzaza mabotolo.

"Mwati mwala wanga umagwira achigololo," anatero. "Chabwino. Ndavomera."

Ndi tsiku lokhalo limene ndinawamva akuvomera bodza, ndipo nkhope yawo inali ngati ameza ndulu.

"Tsono aliyense woweruza mlanduwu ayambe wayezedwa. Yohane nayenso. Wokana, tidziwa chifukwa chake."

Akazi a oweruzawo anali pomwepo, akuwayang'ana. Mkulu wina wa mpingo anati zimenezi n'zachibwana. Mkazi wake anati, "Bambo, mukuopa chiyani?" Mkuluyo anatenga botolo, ndipo gulu lonse linasamukira kwa a Ngozo.

Sindidzaiwala mzere wa amuna aimvi kuseri kwa nkhokwe ya a Ngozo, aliyense botolo m'manja, osayang'anana. Kuyeza kunatenga tsiku lonse, chifukwa a Ngozo sanafulumire ngakhale pang'ono. Pa aliyense ankatsuka kapaipi, n'kuika kamwala katsopano, n'kuitana mboni ziwiri. Anthu anadikira padzuwa.

A Chimbalanga, yatsika. Mkulu wa mpingo, yatsika, ndipo mkazi wake anakuwa kuti, "Ndinkadziwa ine!" Yohane, amene anakulira m'ngalande asanapite ku Joni, yake inatsika kuposa ya mkazi wake. Apongozi aakazi aja atafunidwa, kunapezeka kuti apita kukaona mbuzi.

Kamwala komaliza anandiikira ine. Nambala inaima pomwe inali. Ine sindiponda m'ngalande. Ndine wa matabwa.

A Ngozo anaima pakhonde. "Tsono nonsenu mwagona ndi ndani? Ndikuuzeni. Ndi ngalande. Mkazi wanu ndi mmodzi nonsenu, ndipo akuyenda apoyo." Analoza madzi. Amayi anaseka mpaka kugwirana. "Mlamu wangayu yekha ndiye sanamufunsire. Mawa nonse ku Sharpevale mukamwe mankhwala."

A Chimbalanga anaimirira, napukuta fumbi pa thalauza, n'kulengeza kuti nkhani yafa. Yafa basi. Palibe anapita pamphasa paja kukanena kuti pepa.

Esinati anapita kuchipatala. Anamupeza ndi likodzo. Chindoko sanachipeze. Yohane anatuma mlongo wake kukamuuza kuti angathe kumasula kamtolo. Esinati sanamasule. Ponyamuka anadzera pakhonde pa a Ngozo, ine ndilipo.

"Ukupita kuti? Mlandu watha," anatero a Ngozo.

"Gogo, mlandu mwandichotsera, zikomo. Koma nthungululu ija ndinaimva."

Anasenza kamtolo nalowera njira ya kumapiri. Mpunga umene anawokera anakolola ena.

Mvula isanagwe kawiri nkhani inali itatembenuzidwa kale. Ankati Esinati anathawa chifukwa mwala unamugwira. Za mzere wa kuseri kwa nkhokwe amuna anaiwala onse pamodzi. Wina akakumbutsa, ankati a Ngozo anaunong'oneza mwala kuti uchititse manyazi akuluakulu, ndipo umboni wake ndi woti mlamu wawo yekha ndiye anapulumuka. Ine ndinasanduka umboni wa bodza lawo.

Ana a sukulu aja sanayezedwe. A Ngozo anafunditsa bokosi ndi nsalu, osalitsegulanso. Ankapukutabe fumbi patebulo m'mawa uliwonse. Ankathamangitsabe ana m'ngalande, koma miyendo inali itatha, ndipo ana anazindikira kuti angosambira kupita tsidya lina n'kumawayang'ana. Ndinawafunsa kamodzi ngati amadandaula ndi timiyala tija. Anati chimene amadandaula nacho ndi liwu lija la pamsika. Anamwalira chaka chatha nyengo yozizira, ali pampando pakhonde, majombo kuphazi.

Maliro asanathe n'komwe, mwana wa mng'ono wawo, Dalitso, anali atalowa kale m'chipinda muja. Anapeza timiyala takale timene a Ngozo ankasunga m'botolo, nakhala tsiku lonse akupala golide ndi lezala. Anapeza kakuda pachala. Bokosi analigulitsa kwa munthu wina woyenda m'misika.

Ndinakamuona munthuyo ndi maso anga. Amaima pansi pa ambulera, atavala gawuni loyera, mkuzamawu uli pambali. Amauza amuna kuti abweretse mpango wa mkazi wawo, n'kuugunditsa pabokosi. M'bokosimo mulibe kamwala. Manambala amangodumpha okha ngati ziwala. Akadumphira pansi, iye amapukusa mutu mwachisoni, mwamuna n'kuchoka nkhope itaumbika. Ndinamuuza kuti chimenecho n'choyezera likodzo, ndipo n'chakufa.

"Madala, pitani mukapume," anatero. "Apa tikugwira ntchito."

Anthu a pamzere anandiuza kuti ndikuwachedwetsa.

Ndiye Loweruka, a Chimbalanga atanena mawu awo aja, mitu inatembenukira kumtengo wa msangu. Esinati anali atatsika kumapiri ndi thumba la mbatata ya kachewere kudzathandiza kuphika. Anakwatiwanso kwawo, ndipo anali ndi mwana kumbuyo. Anthu anamuyang'ana, nayang'ana mwanayo, n'kuyamba kugundana zigongono. Iye sanawerame. Anamanga bwino nsalu ya mwana n'kutembenuka. Ine ndinanyamuka nthawi yomweyo, ndipo tinakumana panjira.

"Malume," anatero, "kodi a Chimbalanga mankhwala aja anakamwa?"

"Sindikudziwa."

"Akuoneka kuti sanamwe."

Pamphambano anakwera njinga ya kabaza, ine ndinakhotera kunyumba kwa a Ngozo.

Nyumbayo ilibe wokhalamo. Sola anachotsa, padenga patsala mabowo a misomali. Tebulo langa la mlombwa Dalitso analidula miyendo, akuyanikapo mpunga. M'chipinda muja mwatsala zitini za mchenga pamalo pake, chilichonse chili ndi dzenje pamene panaima mwendo. Nkhuku yaikira m'chimodzi. Majombo ali kuseri kwa chitseko, mavu amangamo. Pawindo ngalande ikuoneka yonse, ndipo munali ana akusambira, akukuwa, wopanda wowathamangitsa.

Ndili chiimire m'menemo, amayi ena ochokera kuchiliza anadutsa panjira ya pawindo, akukamba mokweza za Esinati. Atayandikira nyumba mawu anatsika okha. Wina anakoka mwana wake n'kumutseka pakamwa.

Ndinatulutsa mutu pawindo. "Yankhulani! Muno mulibe kanthu! Munalibe makutu chiyambire!"

Anaima, nandiyang'ana, n'kuyang'ana mumdima wa kumbuyo kwanga. Mmodzi ananong'oneza mnzake kuti, "Akulankhula nawo." Anawerama, nadutsa monyang'ama, kuti mwala usawamve.